Buku la Milatho Latsala Pathebulo

Moven Sakala anadziwa Lachiwiri m'mawa kuti kwa bambo a chibwenzi chake, Shamsia, wapititsako buku lolakwika. Amene anamuuza anali amalume ake, a Whyson, ngakhale iwowo sankadziwa kuti akuuza munthu kanthu. Ankangodandaula, uku akutembenuza mabuku pathebulo, kuti buku lawo la akapolo lasowa, pamene la milatho, limene palibe anafunsapo mtengo wake chiyambire, lili phee pamalo pake.

Moven analiyang'ana buku la milatholo. Linali pakati pa la matenda a nkhosa ndi la nyenyezi, lokhuthala bwino. Malinga ndi mmene iye ankadziwira, bukulo linayenera kukhala pamwamba pa kabati m'nyumba ya Che Hamidu, bambo a Shamsiawo, kutsidya kwa ngalande yaikulu ya Kanyama, kumene analisiya dzulo lake ndi manja awiri.

Chinali chaka chija cha makuponi a ufa, pamene anthu ankayamba aima pamzere kenako n'kufunsa kuti kutsogoloko akugulitsa chiyani. Kampani yogulitsa mabuku imene a Whyson ankagwirako ukalaliki itatseka, anawatsanzika ndi makatoni. Munali mabuku akalekale a azungu amene munthu wina kutsidya kwa nyanja anaganiza zowasindikizanso, kaya anali ndi vuto lanji. A Whyson anawakuta onse ndi mapepala a matumba a simenti poopa fumbi, nawayala pafupi ndi pokwerera minibasi. Iwo ankati ali ndi laibulale. Amayi ogulitsa mtedza ankati bamboyo ali ndi mapepala abwino okulungira.

Buku la akapolo silinali logulitsa. A Whyson ankaliwerengera aliyense amene wachedwa kukwera basi, ndipo akafika pachithunzi chachikulu chapakati, cha anthu omangidwa magoli m'khosi ndi amuna a mikanjo ndi mizuli akuwayendetsa, ankatseka buku n'kuyamba nkhani yapamtundu. Agogo awo, a Mwatitha, anali ndi mng'ono wawo dzina lake Ndaziona, amene anagwidwa ndi Ayao pa ulalo wa mtsinje wa Chamwavi, kwawo ku Chadiza, n'kupita naye kum'mawa osamvekanso. A Whyson sanamuonepo Ndaziona, koma ankamulira kawirikawiri, makamaka chiyambire pamene mphwawo anayamba kuima mzere umodzi ndi mwana wa Asilamu a ku Mangochi.

Che Hamidu, bambo ake a Shamsia, anali mmisiri womanga, ndipo masiku amenewo ankamanga kamlatho pangalande kuti mvula ikagwa anthu azifika kumzikiti atavala nsapato. N'chifukwa chake Moven anaganiza za buku la milatho. Mkuluyo analandira phukusi, naliika pakabati osamasula, pakuti mphatso samasula woperekayo ali pomwepo, ndipo ananena kuti Lachisanu, akachoka kumzikiti, adzayankha ngati Moven angatumize ankhoswe kapena ayi.

Che Hamidu ankavala mkanjo ndi mzuli tsiku lililonse.

* * *

Shamsia anamupeza pamzere wa mafuta ophikira, kuseri kwa sitolo ya boma. Chikondi chawo chonse chinakulira pamizere. Anadziwana pamzere wa sopo, anakangana koyamba pamzere wa shuga, ndipo pamzere wina umene unathera pabotolo la mankhwala a makoswe ndi pamene Moven ananena mawu aja. Pamzere palibe kholo limene lingafunse chifukwa chimene mwana wachedwera.

Moven anafotokoza motsitsa mawu, akuyang'ana msana wa mayi amene anali kutsogolo kwake. Shamsia anamvetsera mpaka kumapeto, botolo lopanda kanthu atalikumbatira pachifuwa.

"Ndiye mwapeleka buku ya bakapolo," anatero. "Kuli batate banga. Monga mphatso."

"Makava yalingana, Shamsia. Yonse ni simenti."

"Mukanapeleka chabe ya nkhosa."

Moven anapempha kuti Shamsia alowe nalo la milatho mobisa, aliike pakabati, linalo atuluke nalo. Shamsia anamufunsa ngati anaonapo mmene nyumba yawo ilili. Kabati inali pabalaza pamene amayi ake, Abiba, ankakhala pamakina osokera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo ngakhale akanatha, phukusi la mnyamata likatuluka m'nyumba ya mtsikana, anthu a mu Kanyama safuna kuuzidwa tanthauzo lake. Amayi onse a pampopi analiona likulowa. Akaliona likutuluka, pofika madzulo nkhani ikhala itafika ku Chawama kuti Moven amukana, ndipo bambo ake si munthu wobweza mawu amene mudzi wawanenera kale.

Mzere unasuntha pang'ono, kenako unabwerera pomwe unali.

Shamsia anafunsa ngati n'zoona kuti amalume ake amawerengera anthu bukulo pamsewu. Moven anavomera. Anafunsanso ngati iye analiwerengapo. Moven anati anangoona zithunzi.

"Nanga imwe, ba Moven," anatero Shamsia osamuyang'ana, "mukaniona apa, muona mwana wa ndani? Wa uja wa goli, olo wa uja wa mkanjo?"

Yankho linalipo, ndipo linali labwino. Koma Moven analifunafuna nthawi yaitali ndithu, ndipo lisanatuluke, anthu pamzere anayamba kununkhiza m'mwamba. Kunkabwera fungo la sopo.

Anali Hatibu. Kale anali telala, koma tsopano ankawoloka malire a ku Mwami n'kubwera ndi sopo wa ku Malawi pansi pa mipando ya basi. M'chaka chimene anthu ankasamba madzi okhaokha, Hatibu ankamveka asanaoneke. Sankaima pamzere uliwonse. Ankangodutsa kudzaona mmene anthu akuvutikira, n'kuwalimbikitsa.

Anapereka moni kwa Shamsia mwachisilamu, motalikitsa, kuti Moven amve kuti pali zitseko zina zimene iye alibe kiyi wake. Kenako anauza mtsikanayo kuti wasiyako kanthu kochapira kwa amayi ake. Pomaliza anatembenukira kwa Moven ngati wangomuona kumene, n'kunena kuti Che Hamidu amuitana Lachisanu kuti akawerenge buku lina, popeza Chingerezi cha m'mabuku chimafuna munthu woyenda.

"Namvela ni ya milatho," anatero Hatibu. "Nizabelenga pang'onopang'ono, kuti bonse bamvele."

Mafuta anatha mzere usanafike pakona. Shamsia anachoka osatsanzika.

* * *

Lachitatu Moven anapita kungalande, buku la milatho atalilowetsa m'malaya. Anaganiza kuti akalipereka pamanja, n'kunena mwaulemu kuti loyamba lija linali losatha bwino kusindikiza, mkuluyo angolibweza mwakachetechete.

Anapeza Che Hamidu atakwinyira mkanjo m'chiuno, akuyalitsa zitsulo za lole yakufa pamwamba pa ngalande, chifukwa simenti inali itasowa m'dziko lonse kupatula mapepala ake. Moven anagwira nawo chitsulo osapemphedwa. Buku linkamukanda pamimba, ndipo thukuta linayamba kulowa m'chikuto.

Atapumula, Che Hamidu anamuyang'ana pachifuwa n'kunena kuti anyamata a masiku ano, ngakhale kuli njala, akumera zifuwa zamakona. Moven anaseka kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. Kenako anayamba: anati kunyumba kuli buku lina, loposa lija, la zithunzi zooneka bwino, ndipo ngati bambo angalole...

"Mwana wanga," anatero Che Hamidu, "munthu akandibweretsera mbuzi yachiwiri ndisanaphe yoyamba, ndimapita kukaiyang'ana mano yoyambayo."

Moven anati ayi, yoyambayo ilibe vuto lililonse.

Mkuluyo anagwedeza mutu mokhutira. Anafotokoza kuti sanamasule phukusilo dala. Kumzikiti anthu akhala akumunena kuti akusekerera Mkhristu pakhomo, ena mpaka kumufunsa ngati mwana wake wasowa amuna. Iye wawayankha kuti mnyamatayo ndi waulemu, ndipo mwa anyamata onse amene amadutsa pangalandepo, ndi yekhayo amene anaona kuti pali munthu akumanga kanthu. Choncho waitana akuluakulu awiri a kumzikiti kuti mphatsoyo idzamasulidwe iwo akuona, asadzanene kuti anagulidwa mseri.

"Lachisanu adzaona okha kuti ndiwe munthu wotani," anatero, n'kumusisita paphewa.

Moven anathokoza. Pobwerera anadutsana ndi Hatibu, amene anaima ndi njinga yake n'kuyang'anitsitsa kakona ka pepala la simenti kamene kanatulukira pakati pa mabatani. Hatibu anangoliza belu kamodzi, mwaulemu, n'kukhotera kumene kunali thebulo la a Whyson.

* * *

Uthenga wa Shamsia unabwera Lachinayi, kudzera mwa Mainess wogulitsa zitumbuwa, amene ankanyamula mauthenga a theka la Kanyama ndipo ankawonjezeramo ndemanga zake kwaulere.

Mainess anati Shamsia anayesa. Amayi ake atapita kumpopi, anakwera pampando, natsitsa phukusi, koma potembenuka anapeza amayiwo aima pakhomo, ndowa ili pamutu. Sanamukalipire. Anangotambasula dzanja, kulandira phukusilo, kulitsekera m'sutikesi ya pansi pa bedi, kiyi n'kumangirira pansonga ya chitenje. Anauza mwana wawo kuti mtsikana wosegula mphatso isanakwane nthawi ndi yemweyo amene amasegula zinanso isanakwane nthawi.

Mbali yachiwiri ya uthengawo Mainess anaiyankhula akuyang'ana m'mafuta. Shamsia anati funso limene anafunsa pamzere likadali pomwepo. Ndipo ngati Moven akuganiza zothawa Lachisanu, asadzabwerenso pamzere uliwonse, ngakhale wa makoswe.

Ndemanga ya Mainess inali yakuti Hatibu ali ndi njinga.

Kunyumba Moven anapeza amalume ake akusita jekete ndi simbi ya makala, Lachinayi masana, popanda maliro kapena msonkhano wa akulu a mpingo. A Whyson anamulandira ndi nkhope yofatsa imene ankaisungira anthu ochimwa kwambiri. Ananena kuti pathebulo panafika mnyamata wonunkhira bwino, wachidwi ndi maphunziro, amene anafunsa za buku losowa, ndipo atakambirana anathandizana kuzindikira kumene linapita.

Moven anagwada. Anapempha amalume ake kuti bukulo aliiwale, adzawapezera lina.

A Whyson anati sanakwiye. Poyamba anaganiza kuti ndi kupusa kwa mwana, koma atasinkhasinkha anaona kuti ndi dzanja la Mulungu. Kwa zaka zambiri akhala akuwerengera bukulo anthu othamangira basi, pamene eni ake a nkhaniyo ali kutsidya kwa ngalande. Tsopano buku lapita lokha kumene linkafunika. Chotsala n'chakuti mwini wake akalitsatire, akalifotokoze bwino.

"Bamalume, mukapita mwanipaya, nafa ine."

"Nizakamba mwaulemu," anatero a Whyson, akuuzira makala. "Ine sindine munthu wa vongo olo ndeu."

Anatembenuza jekete n'kuyamba mkono wachiwiri.

* * *

Lachisanu anawoloka ngalande pazitsulo za lole zija, a Whyson patsogolo, Moven pambuyo, buku la milatho lili m'malaya kachiwiri chifukwa sanadziwe kwina kolisiya.

Pabalaza panali Che Hamidu, akuluakulu awiri a kumzikiti, ndi Hatibu amene anakhala pafupi ndi zenera kuti kuwala kumugwere bwino. Makina osokera anali atakankhidwira kukhoma. Kuseri kwa nsalu ya pakhomo la kuchipinda kunkaoneka mapazi a anthu awiri, ndipo Moven anadziwa ena mwa mapaziwo. Che Hamidu anadabwa kuona a Whyson, koma anakondwa. Anauza akuluakulu aja kuti onani, mnyamata wabwera ndi amalume ake asanaitanidwe n'komwe, ndiwo mtundu wodziwa mwambo.

Phukusi linatuluka m'sutikesi. Che Hamidu anamasula chingwe, nachikulunga bwinobwino n'kuchiika m'thumba. Kenako anapereka buku kwa Hatibu.

Hatibu anatsegula, natsokomola, nawerenga mutu wa buku m'Chingerezi. Anadikira pang'ono. Ndiye anamasulira m'chinenero chimene aliyense anamva, pang'onopang'ono monga analonjezera. Sanavutike kufufuza tsamba. Buku linatseguka lokha pakati, pamene a Whyson analizoloweza, ndipo Hatibu anatambasula chithunzi chija n'kuchiika pathebulo, mikanjo ndi mizuli zitayang'ana kwa eni nyumba.

Mmodzi wa akuluakulu aja anagwira mzuli wake ngati akufuna kudziwa ngati ukadali pamutu.

Che Hamidu anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anatembenuza tsamba, nabwereranso.

"Mlatho uli patsamba liti?" anafunsa.

Moven anatsika pampando n'kugwada pasimenti. Anatulutsa buku lonyowa ndi thukuta, nalitsegula pamene panali milatho yeniyeni, yazitsulo ndi yamiyala. Anafotokoza za mapepala ofanana, za kuthamanga kwake Lolemba, za mbuzi yachiwiri ija. Anawonjezera, akuyang'ana kunsalu kuja, kuti iye akaona mwana wa m'nyumba muno amaona munthu amene akufuna kukalamba naye, basi, ndipo anachedwa kunena zimenezi pamzere chifukwa ndi wopusa.

Nkhope ya Che Hamidu inayamba kumasuka. Mwina zikanathera pomwepo, ndi kuseka pang'ono ndi tiyi wopanda shuga. Koma a Whyson anali atasita jekete.

Anaimirira, nakoka kolala, n'kunena kuti mwanayo walakwitsa buku koma Mulungu sanalakwitse. Anati sakunena munthu aliyense m'nyumba muno, koma mbiri ndi mbiri. Mtundu wawo unataya mwana wamkazi m'manja mwa anthu ovala ngati a pachithunzipo, ndipo iwo monga mwini mbumba sangapereke mphwawo kumene magazi awo anapita ndi goli. Mwanayo dzina lake anali Ndaziona, ndipo anamugwira pa ulalo ali wamng'ono, akuchokera kotunga madzi.

Hatibu anatsamira kumpando ngati munthu amene katundu wake wawoloka malire.

"Mwati ulalo wa mtsinje wanji?"

Mawuwo anachokera kuseri kwa nsalu. A Whyson, amene sanazolowere kufunsidwa mafunso pakati pa nkhaniyi, anayankha kuti wa Chamwavi, ku Chadiza.

Nsalu inasuntha. Abiba anatuluka, nakhala pansi pafupi ndi khomo, miyendo atatambasula, osapempha chilolezo kwa mwamuna wake kapena kwa alendo. Sanayang'ane chithunzi. Anayang'ana a Whyson, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, ngati akuyeza nsalu.

"Mkulu wake anali Mwatitha," anatero.

A Whyson anali asanatchule dzinalo m'nyumbamo.

Abiba anafotokoza mosathamanga. Ndaziona ndi amene anabala amayi ake. Ku Mangochi anamupatsa dzina lina ndi mwamuna, ndipo anafa ali Msilamu, koma akamasenda chinangwa ankadzitchula yekha dzina lakale, pamodzi ndi la mkulu wake ndi la mtsinje, kuti asaiwale. Abiba analeredwa pamiyendo pake. Gogoyo mpaka imfa yake sankawoloka pamtengo uliwonse, ankalolera kudutsa m'madzi.

"Koma pa ulalopo sanamugwire, achimwene," anatero Abiba. "Anamuperekeza amalume ake, atamugwira dzanja. Iwo anabwerera kumudzi ndi nsalu ndi mchere."

A Whyson anakhala pansi. Jekete linapindika kumsana, pomwe analisita kwambiri.

Kenako Che Hamidu anapinda chithunzi chija mosamala, natseka buku. Anauza Moven kuti adzuke, za mabukuzo palibe mlandu, ndipo la milatholo alisiye, aliona. Mtima wa Moven unayamba kubwerera m'malo mwake. Koma mkuluyo anali akuwerenga pazala, milomo ikugwedera. Mwatitha anabala amayi a Whyson, omwenso anabala mayi ake a Moven. Ndaziona anabala amayi a Abiba. Kuchokera kwa akazi awiri a mimba imodzi, kudzera mwa akazi okhaokha, mpaka kwa ana awiriwa.

"Ndiye kuti ana awa ndi a bere limodzi," anatero Che Hamidu. Akuluakulu a kumzikiti anavomereza ndi mitu. Pa nkhani imeneyi Ayao ndi Achewa sasiyana: a bere limodzi sakwatirana.

Abiba anaitana mwana wake kuti abwere adzagwadire amalume ake, ndiponso apereke moni kwa mlongo wake. Shamsia anatuluka. Anagwada pamaso pa a Whyson monga anauzidwira. Atafika pa Moven anatambasula dzanja, ndipo dzanjalo linali lozizira ngati botolo la pamzere.

Hatibu ndiye anali woyamba kumvetsa bwino mmene zinthu zakhalira. Ananyamula mpando wake kuuchotsa pazenera, nauika pafupi ndi wa a Whyson, mpaka fungo la sopo linawakuta onse awiri.

"Ndiye kuti okamba nabo nkhani ya chikwati cha Shamsia," anafunsa mofatsa, "ni imwe, bamalume?"

Chitsekereni kampani, panalibe munthu amene anafunsapo a Whyson maganizo awo pa chinthu chilichonse. Anayang'ana Moven, nayang'ana Shamsia amene anali akadagwirabe dzanja la mlongo wake. Kenako anakweza manja n'kuyamba kuwongola kolala ya jekete.